Kavalo wakale, wobwerezedwa kapena wapadera: zoti muganizire musanagule chidole cha Breyer

Kampani ya Breyer ikangolengeza kuti ikutulutsanso kavalo amene inasiya kupanga kalekale, anthu osonkhanitsa zidolezi amagawikana pawiri. Amene akhala akumusakasaka kwa zaka zambiri amaomba m'manja. Amene anamugula modula kwa munthu wina amang'ung'udza kuti katundu wawo wagwa mtengo usiku umodzi. Onse ali ndi mfundo, koma phokoso lawo limabisa funso limene wogula ayenera kuyamba nalo: pa kavalo ameneyu, ndalama zanga zikulipira chiyani kwenikweni?

Pa chidole chimodzi pamakhala zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi chikombole. Monga mmene njerwa za m'chikombole chimodzi zimafananira, akavalo onse otuluka m'chikombole chimodzi chachitsulo amakhala ndi thupi limodzi ndi kaimidwe kamodzi, ndipo chikombolecho chimatha kugwira ntchito zaka zoposa 50. Chachiwiri ndi utoto: mtundu wake, mawanga, komanso ngati ndi wonyezimira kapena ayi. Chachitatu ndi nthawi ndi chiwerengero, kuti anapangidwa liti ndipo anapangidwa angati. Nthawi zambiri chimene anthu amachitcha kubwereza ndi chikombole chakale chovekedwa utoto watsopano, ndipo palibe amene amapsa nacho mtima. Mkangano umabuka pamene chikombole ndi utoto zonse zabwerera monga zinalili, chifukwa apo chotsala chosiyanitsa wakale ndi watsopano ndi chaka chokha.

Breyer inayambira ku Chicago, ndipo kavalo wake woyamba, Western Horse, anatuluka mu 1950 ngati chokongoletsera wotchi ya m'nyumba. Mu 1984 kampaniyi inagulidwa ndi Reeves International ya ku New Jersey, ndipo masiku ano zidolezi zimapangidwira ku China. Akavalo amene nkhaniyi ikukhudza kwambiri ndi a msinkhu wa Traditional, wa 1:9, otalika pafupifupi masentimita 30 kuchokera kumphuno kukafika kumchira. Ang'onoang'ono a Stablemates, a 1:32, amakwana m'dzanja ndipo anayamba kutuluka mu 1975.

Zoyezera

Njira iliyonse m'munsimu yaikidwa pa sikelo ya zinthu zinayi. Mtengo, osati wolembedwa pa bokosi wokha, koma kuphatikiza umembala, tikiti, zotumizira ndi msonkho. Kapezekedwe, kutanthauza ngati mungamugule tsiku limene mwafuna kapena mpaka mwayi ukugwereni. Kasamalidwe, chifukwa akavalo a Traditional amapangidwa ndi pulasitiki ya cellulose acetate imene ili ndi makhalidwe akeake. Ndiye zoopsa: chinyengo, kuwonongeka, ndi kugwa kwa mtengo.

Palinso china choyenera kudziwa amene akufuna kupikisana. Pa ziwonetsero zovomerezedwa ndi NAMHSA, bungwe la mipikisano ya zidole za akavalo ku North America, akavalo osakhudzidwa chitulukireni m'fakitale amaweruzidwa m'njira ziwiri. Ina imayang'ana ngati chidole chikufanana ndi mtundu weniweni wa kavalo, ina imayang'ana kusowa, ukale ndi kusungika kwake. Kavalo wopambana mbali ina akhoza kukhala womaliza mbali inayo, choncho dziwani kaye mpikisano umene mukufuna kulowa.

Akavalo akale oyambirira

Mtengo. Apa palibe mtengo umodzi. Kavalo wa m'zaka za m'ma 1970 amene anapangidwa wambirimbiri, monga a banja la Family Arabian, amapezeka pa mtengo wotsika kuposa watsopano wa m'sitolo. Ukale pawokha si ndalama. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa. Chitsanzo chodziwika ndi akavalo a buluu ndi agolide a pakati pa zaka za m'ma 1960, amitundu inayi yotchedwa Wedgewood, Copenhagen, Gold Charm ndi Florentine. Pa nthawi yawo anthu sanawakonde, sanayende malonda, ndipo anasiya kupangidwa msanga. Kukanika kwawo pamsika ndi kumene kunawasandutsa chuma. Ena ndi otchedwa chalky, a nthawi ya vuto la mafuta la 1973, pamene kampani inagwiritsa ntchito pulasitiki yamitundumitundu n'kuyamba yaipaka utoto woyera wokhuthala isanapake mtundu weniweni. Chimene chinali chigamba chobisira vuto lero ndi chimene osonkhanitsa amachilipira mowonjezera.

Kapezekedwe. Mumadalira msika wa zogwiritsidwa kale ntchito: eBay, magulu a pa Facebook, masitolo a zinthu zakale, ndi anthu ogulitsa katundu wa m'nyumba za makolo awo. Ndi ngati kusankha pa kaunjika, wodziwa nsalu ndiye amatola chabwino. Zizindikiro zothandiza kudziwa zaka zili m'kati mwa mwendo wakumbuyo. Chidindo chozungulira cha Breyer Molding Co. chinayamba cha m'ma 1960, ndipo zilembo za USA zinawonjezedwa cha m'ma 1970. Kavalo wopanda chidindo akhoza kukhala wa m'zaka za m'ma 1950, koma akhozanso kukhala wotengera chabe wa kampani ina, choncho munyamuleni: weniweni amalemererako m'manja, pamene wotengera amapepuka ndipo amalira ngati chigubu mukamugogoda ndi chikhadabo.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene pali ntchito. Pulasitiki yoyera imasanduka yachikasu ndi zaka, makamaka m'nyumba ya utsi wa fodya. Ambiri amaiyeretsa poika kavalo pawindo lolowa dzuwa kwa masiku kapena milungu ingapo, akumamutembenuza kuti mbali zonse zifanane. Vuto lake ndi loti dzuwa lomwelo limazimitsa utoto wina, ndipo kutentha kumafewetsa miyendo, ndiye muyang'aneni tsiku ndi tsiku ndipo mumuchotse nthawi ya masana dzuwa likaswa mtengo. Potsuka gwiritsani ntchito madzi ofunda pang'ono, dontho la sopo wotsukira mbale ndi kansalu kofewa. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene amakhala ndi acetone, musawayandikize n'komwe: amasungunula utoto ndi pulasitiki yomwe. Mwendo wopindika umawongoka mukautenthetsa pang'onopang'ono ndi makina owumitsira tsitsi kapena madzi otentha, n'kuuwongola ndi zala zovala kansalu, kenako n'kuugwira chomwecho m'madzi ozizira mpaka ulimbe. Mukafulumira kupinda usanafewe umathyoka, ndipo mukatenthetsa kwambiri utoto umatuwa.

Zoopsa. Chachikulu ndi akavalo otchedwa shrinky, a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990. Pulasitiki ya ena mwa iwo inali yolakwika, ndipo ikamawola imatulutsa fungo la viniga. Kavalo amafupika, amapindika, utoto umatuwa, nthawi zina amatuluka timadzi tomata. Matendawa alibe mankhwala. Wotere muikeni payekha pamalo opita mphepo, osati m'bokosi lotseka limodzi ndi anzake. Pa chithunzi fungo silioneka, choncho funsani wogulitsa kuti amununkhize ndi kumuimika pafupi ndi rula. Safunsa anadya phula. Chinyengo china chofala ndi kupaka vanishi kavalo wosanyezimira kuti aoneke ngati wonyezimira wosowa. Vanishi wopakidwa kunyumba amasiya timizere ta bulashi, tifumbi tokodwa m'kati, ndi madontho pansi pa mimba. Yang'ananinso nsonga za makutu, mphuno ndi ziboda, chifukwa ndi malo oyamba kupalika ndiponso oyamba kuzimbaitsidwa ndi utoto wina.

Obwerezedwa a m'masitolo

Awa ndi akavalo a chikombole chakale amene abwereranso pa shelefu ya sitolo kwa aliyense. Kubwereza kotere sikunayambe lero. Kavalo wamkazi wa mtundu wa Arabian amene Breyer inatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anachotsedwa pamsika chifukwa cha mkangano ndi kampani ya Hagen-Renaker ya ku California, popeza ankafanana kwambiri ndi kavalo amene Maureen Love anasemera kampaniyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anabwereranso mbali ziwirizi zitagwirizana, pa dzina la Proud Arabian Mare. Kubwerera kwake sikunaphe oyamba aja. Mpaka pano osonkhanitsa amawasiyanitsa ndipo amalipira zambiri pa a m'ma 1950. Misty, kavalo wamng'ono wa pachilumba cha Chincoteague ku America, amene chidole chake chinatuluka mu 1972, wapangidwa kwa zaka makumi angapo, komabe oyambirira okhala ndi mawanga osiyana pankhope amafunidwabe mwapadera.

Mtengo. Ndi wotsika kuposa njira zina zonse za akavalo atsopano, madola makumi angapo pa kavalo mmodzi wa Traditional ku America. Mulibe umembala, mulibe tikiti. Kwa wogula wa kunja kwa America, ndalama zotumizira bokosi lalikulu chotero zikhoza kufanana ndi mtengo wa kavalo yemweyo, msonkho usanawerengedwe.

Kapezekedwe. Ndi wosavuta malinga ngati akupangidwabe. Akasiya kupangidwa amakhalabe m'masitolo kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene ena amatsitsidwa mtengo.

Kasamalidwe. Kupukuta fumbi ndi kabulashi kofewa n'kokwanira. Chinthu chimodzi chokha muchisamale: kavalo aliyense wa Traditional ndi wamphako ndipo ali ndi kabowo kopumira, kawirikawiri pamphuno kapena pakona ya kamwa. Kakatsekeka ndi utoto, mpweya wa m'kati umafutukuka kukatentha ndipo mimba imatupa. M'galimoto yotseka mawindo kapena m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala zimenezi zimachitika m'maola ochepa, ndipo wotupayo sabwereranso mwakale.

Zoopsa. Utoto wa akavalo opangidwa ambirimbiri sufanana. Wina amatuluka bwino, wina ali ndi malire a mawanga osokonekera, msoko wosasalazidwa, kapena popalika chifukwa cha mawaya omangira m'bokosi. Amene angathe kusankha ndi maso m'sitolo ali ndi mwayi kuposa woitanitsa pa intaneti. Musayembekezere kuti mtengo wake udzakwera. Ambiri amagulitsidwanso motsika kuposa mmene anagulidwira. Choopsa china chimagwera wogula akavalo akale, amene angapatsidwe wobwerezedwa pa mtengo wa woyambirira. Mutembenuzeni: kuyambira cha m'ma 2009 akavalo atsopano amakhala ndi tizilembo ndi timanambala pansi pa chiboda chimodzi, zimene akale alibe.

Apadera owerengeka: a BreyerFest ndi a maere

Apa ndi pamene mitima imatentha. BreyerFest ndi msonkhano wa chaka ndi chaka umene wakhala ukuchitika kuyambira 1990, mwezi wa Julayi, ku Kentucky Horse Park mumzinda wa Lexington. Tikiti yaikulu imabwera ndi kavalo wa chikondwerero cha chakacho, ndipo imapatsanso mpata wogula akavalo ena owerengeka. Mu 2020 msonkhanowu unachitikira pa intaneti chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo zimenezo zinatsegulira khomo anthu akutali amene sakanatha kufika ku Kentucky. Kupatula apo, kampani imatulutsanso akavalo mazana ochepa pa tsamba lake, ogulidwa ndi okhawo amene maere awagwera. M'mbuyomu munali mndandanda wa Connoisseur, wa akavalo 350 pa mtundu uliwonse, umene unkayendanso pa maere kudzera m'magazini ya Just About Horses.

Mtengo. Werengani zonse. Kavalo wa ku BreyerFest mtengo wake ndi wa iye mwini, kuphatikiza gawo la tikiti, ndiponso ulendo ndi malo ogona ngati mwapitako. A maere amadula kangapo kuposa a m'sitolo, ndipo maere ambiri amafuna kuti mukhale membala wolipira wa Collector Club, kalabu ya Breyer ya osonkhanitsa, kaya muwine kaya ayi. Akavalo a mtundu umodzi wokha padziko lonse, amene amagulitsidwa pa okushoni ya BreyerFest, amafika madola zikwizikwi, koma amenewo ndi msika wa anthu ochepa.

Kapezekedwe. Ndi mwayi, ndipo munthu akhoza kulowa maere chaka chonse osapata kanthu. Apa ndi pamene madobadoba amalowerera: amalowa maere pa kavalo amene samufuna, akawina n'kumuika pamsika tsiku lomwelo pa mtengo wokwera. Osonkhanitsa amadandaula nazo chaka chilichonse, komabe ndi iwo omwe amagula. Kawirikawiri mtengo umakwera kwambiri m'masabata oyamba, pamene aliyense akuonetsa zithunzi, kenako umatsika chidwi chikasamukira kwa wotsatira. Si onse amene amatsika, koma amene amapupuluma sabata yoyamba ndiye amalipira kwambiri.

Kasamalidwe. Ambiri mwa awa ndi onyezimira, ndipo kunyezimirako kumaonetsa kachipsera kalikonse. Musawakulunge ndi pulasitiki ya timabaluni mwachindunji kapena nyuzipepala: kukatentha pulasitikiyo imamatirira n'kusiya timadontho, pamene inki ya nyuzipepala imalowerera m'malo oyera. Yambani ndi nsalu yoyera ya thonje, zina zibwere pamwamba. Pa shelefu siyani mpata pakati pawo, chifukwa mmodzi akagwa amagwetsa mzere wonse, ndipo makutu ndi amene amayamba kuthyoka. Sungani kapepala ka umboni ndi chilichonse chimene anabwera nacho.

Zoopsa. Mawu oti "owerengeka" amafunika kuwamvetsa bwino. Nthawi zambiri lonjezo limakhudza utoto umenewo pa chikombole chimenecho, osati chikombole chokha. Chaka chamawa chikombolecho chikhoza kubwera ndi utoto woyandikana nawo kwambiri, ndipo kampani sinaswe lonjezo lililonse ngakhale mwini kavalo akumva ngati waberedwa. Chitsanzo chosiyana ndi Alborozo, kavalo wa chikondwerero cha BreyerFest ya 2008, wosemedwa ndi Brigitte Eberl. Kampani inalengeza kuti chikombole chake chawonongedwa, ndipo ndicho chifukwa mtengo wake wakhala wolimba chikhalire. Patapita zaka anatulukanso mu msinkhu waung'ono wa Stablemates, ena nadandaula, koma wamkulu uja sanabwerezedwe. Phunziro la malonda pamenepa ndi lowuma: chimene chimateteza mtengo ndi kutha kwa chikombole, ndipo zimenezo n'zosowa kwambiri.

Palinso akavalo obisika, amene mumalipira musanadziwe mtundu umene uli m'thumba. Mitundu ina imapangidwa yochepa kuposa inzake, ndipo wonyezimira amasowa kuposa wosanyezimira. Ndi juga yovala bwino. Ngati mukufuna mtundu umodzi wokha, kugula womwewo kwa munthu amene watsegula kale kumatchipa kuposa kugula matumba atatu n'kumayembekezera.

Makalabu olembetsa pachaka

Vintage Club ndi Premier Club zonse zinayamba mu 2012, ndipo zimakoka anthu osiyana. Vintage Club imatengera dala maonekedwe akale: mitundu ya m'ma 1960, utoto wooneka ngati mtengo wopala, timapepala tomata ndi mabokosi a kalembedwe kakale. Premier Club imapatsa mamembala zikombole zatsopano zitatu pachaka anthu ena asanazione m'sitolo.

Pa mtengo, mumalipira chikole polembetsa ndipo mumadzimanga kugula akavalo onse a chakacho, ngakhale amene simunawaone. Pa kapezekedwe, malo ndi owerengeka ndipo kulembetsa kumatsegulidwa chaka chisanayambe, koma mukalowa kavalo wanu ndi wotsimikizika, palibe maere. Kasamalidwe n'kofanana ndi ka apadera aja, kungoti mabokosi a Vintage Club ndi gawo la mtengo wake ndipo amadya malo. Choopsa ndi choti pa akavalo a chaka chimodzi, mmodzi kapena awiri sangakusangalatseni, ndipo mamembala ena onse amene sanasangalale naye amamugulitsa nthawi imodzi ndi inu. A Premier Club ali ndi dandaulo lawolawo: chikombole chimene analipira modula chimadzafika m'sitolo pa mtengo wotsika. Chimene anagula ndi kukhala oyamba ndi utoto wosamalidwa bwino, osati umwini wa chikombolecho.

Za Vintage Club, eni akavalo akale ankaopa kuti otengerawa adzasokoneza msika. Mantha amenewo ndi opitirira muyezo, poti a kalabu amalembedwa dzina la kalabu ndi chaka pansi pa mimba, ndipo utoto wamakono ndi wosalala kwambiri poyerekeza ndi wa m'ma 1960 umene unkapoperedwa mosasamala kwenikweni. Wodziwa sangasokoneze ziwirizi. Wosadziwa ndi amene ayenera kupempha chithunzi cha pamimba asanatumize ndalama.

Njira iti kwa ndani

Wogulira mwana, kapena amene akungoyamba kumene, atenge wobwerezedwa wa m'sitolo, kapenanso a Stablemates amene satenga malo ndipo kuwatumiza n'kotchipa. Akagwa n'kuthyoka khutu palibe amene agone ndi njala. Yemweyonso ndi woyenera kwa amene akufuna kumupentanso yekha, chifukwa kufufuta utoto wa kavalo wosowa ndi kutaya ndalama kawiri.

Amene amakonda kaumbidwe ka chikombole china chake, mwachitsanzo zosema za Chris Hess kapena Maureen Love, ndipo alibe nazo ntchito za chaka, asathamangire woyambirira. Wobwerezedwa amamupatsa thupi lomwelo, pulasitiki yatsopano, popanda fungo la viniga.

Wofuna kupikisana pa kusowa ndi ukale alibe njira yachidule: agule woyambirira, mmodzi wosungika bwino m'malo mwa asanu opalika, ndipo aphunzire zidindo asanatulutse ndalama zambiri. Wopikisana pa kufanana ndi kavalo weniweni apindula kwambiri ndi zikombole zatsopano za Premier Club, kapena adikire kuti zifike m'sitolo n'kusankha wopakidwa bwino.

Amene amasirira mitundu ya buluu ndi golide ija koma mtengo wa yoyambirira ukumuthawa, Vintage Club ndiye khomo lake, kapena agule mmodzimmodzi kwa mamembala amene akutaya osawafuna.

Kwa wokhala kutali ndi America, kaya ku Lilongwe, Johannesburg kapena London, maere ndi makalabu ndi njira yodula kuposa mmene imaonekera, chifukwa kavalo aliyense amabwera m'bokosi lakelake ndi zotumizira zakezake, ndipo wobwera ndi chilema kumubweza kumadya ndalama zina. Bwino kudikira miyezi ingapo phokoso lithe, kusankha kavalo amene mwaona zithunzi zake zenizeni mbali zonse ziwiri, pamimba ndi pansi pa ziboda, n'kupempha wogulitsa mmodzi kuti amange awiri kapena atatu m'katoni imodzi, aliyense ali m'nsalu yake ndipo miyendo ndi makutu zitakulungidwa padera.